Kujambula Makina Omwe Kulibe: Sukulu Yake Ili Padoko

Masamba akumapeto a makope a ana a sukulu ndi amene amasunga zinthu zomwe mphunzitsi sanalamule. Mukatsegula makope ku Mpondasi, ku Malindi, ku Makawa kapena ku Monkey Bay, kumbuyo kwa masamu ndi Chingerezi mudzapeza minibasi, asilikali, osewera mpira, komanso zimphona zachitsulo zamaso ofiira, mfuti itamera pamkono. Awa ndi maloboti, makina ooneka ngati munthu kapena nyama, amene ana amawaonera m'mavidiyo sho momwe mafilimu a Terminator ndi Transformers amalankhula Chichewa, ndiponso m'mafoni a azichimwene awo.

Makolo akaona zoterezi amagawanika pawiri. Ena amati, "Mwana uyu ali ndi dzanja, ndi mphatso yobadwa nayo." Ena amati, "Zojambulajambulazi sizidyetsa, akungotha makope." Onse awiri akugwirizana pa chinthu chimodzi mosadziwa, choti palibe chophunzira pamenepa. Funso ndi lomweli: kodi munthu angaphunzire kujambula chinthu chimene sichinaonekepo padziko, mpaka wochiona n'kukhulupirira kuti chingayende? Ngati n'zotheka, amaphunzira chiyani, kwa yani, ndi zipangizo ziti, ndipo mathero ake n'chiyani kwa mwana wa kugombe la kummwera kwa nyanja ya Malawi?

Yankho limene mbiri ya lusoli ikupereka n'lakuti chithunzi cha m'maganizo chimalimba molingana ndi mmene wojambulayo anayang'anitsitsira zinthu zenizeni. Pa mfundo imeneyi mwana wa ku Mangochi ali ndi chuma chochuluka kuposa mmene iye amaganizira.

Kumene nkhope ya loboti inachokera

Loboti imene ana amajambula ili ndi makolo ake odziwika. Mu 1920 mlembi wa ku Czechoslovakia, Karel Čapek, analemba sewero lotchedwa R.U.R., lonena za antchito opangidwa m'fakitale amene anaukira owapanga. Mu 1927 filimu ya Fritz Lang ya ku Germany, Metropolis, inaonetsa mkazi wachitsulo amene thupi lake linaumbidwa ndi mmisiri wosema, Walter Schulze-Mittendorff. Patapita zaka pafupifupi 50, Ralph McQuarrie atapatsidwa ntchito yojambula zithunzi zoyambirira za Star Wars, anatengera mkazi wachitsuloyo popanga loboti ya C-3PO. Ku Japan, Osamu Tezuka anayamba nthano ya zithunzi ya Astro Boy mu 1952, ndipo mu 1979 Kunio Okawara anajambula makina ankhondo a Mobile Suit Gundam, amene anasintha maonekedwe a maloboti akuluakulu m'makatuni.

Chofunika kuona ndi kumene akatswiriwa anaphunzirira. McQuarrie asanalowe m'mafilimu ankajambula zipangizo za ndege ku kampani ya Boeing. Syd Mead, amene anajambula magalimoto ndi misewu ya filimu ya Blade Runner ya 1982, anayamba ntchito yake ku Ford akujambula magalimoto. Hayao Miyazaki, amene loboti yake ya mu filimu ya 1986 ya Castle in the Sky imasamalira munda ndi zisa za mbalame itamera ndere pamapewa, anakulira m'banja lopanga zipangizo za ndege. James Gurney, m'buku lake la 2009 lotchedwa Imaginative Realism, amaphunzitsa kuti wofuna kupenta chinthu chomwe kulibe ayambe wachiumba chaching'ono, achiike padzuwa, aone kumene mthunzi ukugwera. Onsewa anadutsira pa zinthu zogwirika.

Zimene dzanja liyenera kuzolowera

Phunziro loyamba ndi kuona chinthu chilichonse ngati mabokosi, migolo ndi mipira yolumikizana. Injini ya boti ndi bokosi lokhala pamwamba pa paipi, kunsi kwake kuli chopalasira madzi. Mwana amene sanaphunzire amajambula mzere wa m'mphepete mokha, ndipo loboti yake imaoneka ngati yodulidwa pa katoni. Wophunzira amajambula ngakhale mbali zobisika za bokosilo ndi mzere wopepuka, ngati kuti ndi lagalasi, kenako n'kufufuta. Akatha kutembenuza bokosi m'mutu mwake n'kulijambula kuchokera pamwamba, pansi ndi m'mbali, ndiye kuti angathe kutembenuzanso chifuwa cha loboti.

Phunziro lachiwiri ndi la kutalikirana kwa zinthu. Malamulo ake analembedwa ku Italy ndi Leon Battista Alberti mu 1435, koma munthu wa kunyanja amawaona tsiku ndi tsiku. Mzere umene madzi amakumanirana ndi thambo umakhala pa msinkhu wa maso a woyang'anayo: akakhala pansi umatsika, akakwera pamwala umakwera. Chilichonse chimene chili pamwamba pa mzerewo timachionera kunsi kwake, chimene chili pansi pake timachionera pamsana. Mizere yoyenda limodzi, monga zitsulo za m'mbali mwa mlatho wa Bakili Muluzi pa Shire kapena mapolo a magetsi m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay, imaoneka ngati ikukakumana pamalo amodzi pa mzere womwewo. Wofuna kuti loboti yake ioneke chimphona amatsitsa mzerewo kufika m'maondo mwake, n'kuika munthu wamng'ono kapena bwato pafupi ndi phazi lake. Popanda munthuyo, woona sangadziwe ngati akuyang'ana chidole kapena chinthu chotalika ngati mlambe.

Phunziro lachitatu, limene limagwetsa ambiri ulesi, ndi la zozungulira. Kukamwa kwa ndowa n'kozungulira, koma tikakuyang'ana chapambali kumaphwatalala ngati dzira. Makina ndi odzaza ndi zozungulira zotere: matayala, maso, mfundo, mapaipi. Lamulo lake n'lakuti mbali yaifupi ya dziralo iyenera kuloza kumene mtanda wa gudumulo ukuloza. Likaphonyeka, gudumu limaoneka lopindika ngakhale woona sangathe kufotokoza chalakwika. Palibe njira yachidule pamenepa. Kuona maso a nkhono n'kudekha: munthu amadzaza masamba ndi ndowa, mabigiri, migolo ndi matayala mpaka dzanja litazolowera.

Phunziro lachinayi ndi la chithunzithunzi. Akatswiri asanajambule zomangira ndi mawaya amayamba ndi tizithunzi takuda bii, tochepa ngati bokosi la machesi, tambirimbiri patsamba limodzi. Cholinga n'choti chinthucho chizindikirike ndi maonekedwe ake akunja okha, monga mmene msodzi amazindikirira sitima ya Ilala ili kutali dzuwa likulowa. Wongoyamba kumene amathamangira kudzaza thupi lonse ndi timizere, poganiza kuti kuchuluka kwa tinthu ndiye luso. Wodziwa amasiya malo aakulu osalala kuti diso lipume, n'kuunjika tinthu ting'onoting'ono m'mfundo, m'khosi ndi m'chiuno, momwe makina enieni amakhala ndi zochita zambiri.

Makina a m'boma la Mangochi

Dera lino lakhala likuona makina akuluakulu akulumikizidwa chidutswachidutswa kwa zaka zoposa 120. Sitima ya Chauncy Maples inapangidwa ku Glasgow, n'kubwera m'zidutswa zoposa 3,000. Manambala amene analembedwa pa zidutswazo anafufutika pozikuta ndi mankhwala oteteza dzimbiri, choncho amisiri anachita kufufuza okha kuti ichi chikulowa pati, ndipo sitimayo inalowa m'madzi mu 1901. Ilala inapangidwa ndi kampani ya Yarrow ku Scotland mu 1949, inabweranso m'zidutswa, n'kumangidwa ku Monkey Bay, ndipo yakhala ikuyenda panyanja kuyambira 1951. M'tauni ya Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi ya Queen Victoria, pali mfuti ya sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann kumayambiriro kwa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Nyumba yosungira zakale ya Lake Malawi Museum ili chapomwepo. Wophunzira atakhala ndi kope lake m'mawa umodzi patsogolo pa mfuti ija, n'kujambula mmene imazungulirira pa tsinde lake, angabwerere kwawo atamvetsa phewa la loboti.

Koma sikofunika kudikira zakale. Padoko lililonse pamakhala injini ya Yamaha itavulidwa chivindikiro, makaniko akuitokosa. Pali chigayo cha dizilo ndi lamba wake, mjigo ndi chogwirira chake, njinga ya kabaza ndi tcheni chake, makina osokera a telala wa pakhonde. Chilichonse mwa izi chikuyankha funso limodzi mwa mafunso amene wojambula loboti amakumana nawo: mphamvu ichokera kuti, idutsa pati, ndi chiyani chikupinda, ndi chiyani chikuzungulira, n'chiyani chimatha msanga.

Zamoyo nazo ndi aphunzitsi. Tengani nkhanu ya m'miyala ya ku Cape Maclear muiyang'anitsitse mwendo. Chigoba chake n'cholimba, choncho mfundo iliyonse imapinda mbali imodzi yokha, ngati chitseko pa mahinjesi. Kuti mwendo wonse uthe kufika kulikonse, mfundo yotsatira imapinda mopingasa ndi inzake. Pakati pa zigoba pamakhala kachikopa kofewa, pamalo pomwe mainjiniya amaika labala. Umu ndi mmenenso mikono ya maloboti a m'mafakitale imagwirira ntchito. Chiwala chimaphunzitsa mwendo wodumpha, bongololo amaphunzitsa thupi la mapisi ambiri, msana wa ng'ona umaphunzitsa kusanja zishango, ndipo zikhadabo za nkhwazi zimaphunzitsa dzanja logwira chinthu choterera.

Palinso aphunzitsi amene sadziwa kuti ndi aphunzitsi. Mnyamata wopanga galimoto ya waya amakhota chimango, amadula matayala pa patapata wakutha kapena kuphatikiza zitini, n'kulumikiza chiwongolero chachitali chimene chimakhotetsadi matayala akutsogolo. Iyeyu wamvetsa kale chinthu kuchokera mbali zonse. M'mbali mwa misewu yopita ku Monkey Bay amisiri amasema ndi kuluka magalimoto, mathirakitala ndi ndege za matabwa ndi mlaza, zina zotseguka zitseko ndi zozungulira matayala. Malangizo a Gurney aja, oti uyambe waumba usanapente, kuno anafika kale. Chotsala n'kuika galimoto ya wayayo padzuwa n'kuijambula.

Tiyese kupanga imodzi

Loboti yabwino imayamba ndi ntchito yake. Ku nyanja ya Malombe asodzi a khoka la nkacha amadalira munthu womira pansi pa madzi kukamanga kunsi kwa khokalo kuti nsomba zisathawe, ntchito yoika moyo pachiswe. Tinene kuti wojambula akufuna kupanga makina ogwira ntchito imeneyo m'chaka cha 2100.

Malombe ndi nyanja yosaya, yamatope pansi, madzi ake osaonekera patali. Ndiye kuti makinawo safunika thupi lolimbana ndi kuya kwakukulu, koma afunika mapazi otambalala kuti asatitimire, mwina anayi kapena asanu ndi limodzi ngati a nkhanu. Maso sangathandize kwambiri m'madzi amatope, choncho apatseni nyali imodzi yaikulu ndi ndevu zofufuzira ngati za mlamba. Ntchito yawo ndi ya zingwe, ndiye zala zikhale zazitali ndi zopyapyala, ndipo thupi lonse likhale losalala, lopanda ngowe zokola ukonde. Ayenera kukwezedwa m'boti la matabwa ndi anthu awiri, choncho asakule kuposa mbuzi, ndipo akhale ndi zogwirira pamsana. Batire lawo lidzatchajidwa ndi sola masana.

Tsopano bwerani kwa eni ake. Makina a asodzi sakhala atsopano nthawi yaitali. Mwendo umodzi unathyoka, anauwotcherera kwa mmisiri wa pamsika, ndipo utoto wake ndi wosiyana ndi inzake. Chivindikiro cha batire chinamangidwa ndi mphira ya chubu cha njinga. Pambali analembapo dzina ndi penti wofiira monga amachitira pa maboti, ndipo m'mfundo mwakakamira mamba a kambuzi. Palibe mfuti paliponse, koma woona chithunzicho adziwa nthawi yomweyo kumene makinawa amakhala, amene amawagwiritsa ntchito, ndi mavuto amene anadutsamo. Loboti yokopera ku Transformers singanene zonsezi, chifukwa mafunso ake anayankhidwa kale ndi anthu ena, za dziko lina.

Izi sizikutanthauza kuti kukopera n'kulakwa. Pali aphunzitsi amene amakuletseratu, ati kumapha nzeru za mwana, pamene ena amati aliyense anayamba choncho. Zoona zili chapakati. Kukopera kumaphunzitsa dzanja kulemera kwa mzere ndi kasanjidwe ka thupi. Vuto limayamba pamene munthu wakhala zaka akukopera osafunsa chifukwa chimene mwini chithunzi anaikira paipi pamalo akutiakuti.

Chitsulo padzuwa la kunyanja

Kupenta chitsulo kumaoneka ngati matsenga kufikira munthu atazindikira kuti chitsulo chonyezimira chilibe mtundu wakewake, chimangobwereka kwa zimene zachizungulira. Yang'anani chiwongolero cha njinga yatsopano pamchenga wa ku Nkopola masana. Pamwamba pake pali mtundu wa thambo, pakati pali kamzere kakuda kochokera ku mitengo ndi mapiri, ndipo kunsi kuli chikasu cha mchenga. Wopenta akasanja mitundu itatuyi motsatana, malire ake akuthwa, diso limati ichi n'chitsulo. Chitsulo chopakidwa penti, monga mbali ya sitima, chimasunga mtundu wake, kuwala kwake n'kofewa, ndipo m'mphepete momwe chimagundagunda penti amasupuka. Dzimbiri nalo lili ndi malamulo: limayambira pa bawuti ndi powotcherera, n'kutsetsereka kutsata njira ya madzi.

Asanagwire mitundu, wophunzira amayamba ndi kuwala ndi mdima basi. Amasankha kumene dzuwa lili, n'kugawa chinthucho patatu: powala, pakatikati ndi pamthunzi. Chithunzi chimene chikumveka m'makala chidzamvekanso mu utoto, koma chosokonekera m'makala utoto sungachipulumutse. Mthunzi wa pansi pa mapazi ndi umene umakhazika loboti panthaka. Ukaiwalika, chimphona cholemera matani chimaoneka ngati chikuyandama. Zinthu zakutali zimayezuka n'kutuwira ku mtundu wa thambo, monga amaonekera mapiri a kutsidya la kummawa m'miyezi ya utsi, ndipo wopenta chimphona amagwiritsa ntchito zimenezi poyezula mutu ndi mapewa ake kuti zioneke kuti zili m'mwamba kwambiri.

Za mitundu, gombe lino silisowa mphunzitsi. Mbuna za m'nkhalango yotetezedwa ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 n'kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984, zimaonetsa mmene buluu, chikasu ndi mizere yakuda zimakhalira pamodzi popanda kulimbana: mtundu umodzi umalamulira thupi, wina umangooneka pa chipsepse kapena kumchira. Usiku, nyali za asodzi a usipa zimaphunzitsa kuwala kochokera pamalo amodzi ndi mmene kumaswekera pamadzi.

Zosaoneka tinayamba kale kuzijambula

Ena amati zoterezi n'zachizungu. Maloboti a m'mafilimu ndi obweradi, koma kupatsa thupi chinthu cha m'maganizo si kwachilendo kuno. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 a zithunzi za pamiyala, amene UNESCO inawalemba m'kaundula wake mu 2006. Pakati pa Ayao, zinyago zoumbidwa pansi pa nthawi ya chinamwali zinkaonetsa zamoyo zodabwitsa, kuphatikizapo Namungumi, chilombo cha m'madzi. Napolo amene amagumula mapiri aliyense amamudziwa ngakhale palibe anamujambulapo ndi kamera. Gule Wamkulu, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, wakhala akumeza zachilendo n'kuzisandutsa zake: pambali pa Kasiyamaliro, Chadzunda ndi Njovu pamatulukanso Simoni, Maliya ngakhalenso Galimoto. Ku Mua, pafupi ndi Mtakataka, bambo Claude Boucher anakhazikitsa malo a zaluso a Kungoni mu 1976, kumene osema ndi openta ambiri aphunzirira, ndipo nyumba ya Chamare imasunga nkhope za gule mazanamazana. Wojambula angaphunzire kumeneko mmene nkhope imaopsezera kapena kuseketsa ndi kukula kwa maso ndi kakhalidwe ka kamwa. Koma za kudambwe ndi za kundagala zili ndi eni ake, ndipo wanzeru amatengako nzeru ya kapangidwe, zinsinsi n'kuzisiya komweko.

M'boma limene muli Asilamu ambiri, nkhani ya zithunzi ili ndi mbali inanso. Mashehe ena amaphunzitsa kuti kujambula zinthu zamoyo n'kosaloledwa, ena amalola malinga ndi cholinga chake, ndipo banja lililonse limatsata chiphunzitso chimene limakhulupirira. Chodziwika n'chakuti limodzi mwa mabuku akale otchuka kwambiri a makina oyenda okha linalembedwa ndi Msilamu, Ismail al-Jazari, ku Diyarbakır mu 1206. Muli zithunzi zopaka utoto za wotchi yokhala pamsana pa njovu, oimba a m'bwato oyendetsedwa ndi madzi, ndi makina otungira madzi. Mwana amene kwawo safuna zithunzi za anthu ali ndi dziko lonse la zombo, milatho, magiya ndi mizinda loti ajambule.

Zipangizo, foni ndi nzeru zopanga

Kusowa kwa zipangizo n'koona. M'masukulu a pulayimale muli phunziro la Expressive Arts, koma kalasi ya ana ochuluka yopanda mapepala singapite nalo patali, ndipo maphunziro apamwamba a zojambula munthu amakawapeza ku Zomba, ku University of Malawi. Komabe maphunziro anayi oyamba aja amangofuna bolopeni, pensulo, makala ndi katoni. Bolopeni ili ndi ubwino wake, chifukwa posafufutika imakakamiza munthu kuganiza asanakoke mzere. Edward Saidi Tingatinga, wochokera kummwera kwa Tanzania, anayamba mu 1968 ku Dar es Salaam ndi penti wa njinga pa zidutswa za silingibodi, ndipo ngakhale anamwalira mu 1972, kapentedwe kake kakugulitsidwabe mpaka lero. Olemba zikwangwani za magolosale ndi mababashopu ndi amene amadziwa kusakaniza penti wa mafuta ndi kusamala burashi, ndipo mwana wowathandiza kunyamula zitini amaphunzira zambiri.

Amene ali ndi foni angajambule ndi chala pa ibisPaint, ndipo amene wapeza kompyuta angagwiritse ntchito Krita popenta ndi Blender poumba, mapulogalamu awiri aulere. Maphunziro a pa YouTube ndi ambiri, chovuta ndi mtengo wa bandulo ndi kuzimazima kwa magetsi. Koma pulogalamu siikonza dzira lopindika la munthu amene sanaphunzire kuona ndowa.

Kuyambira 2022, mapulogalamu monga Midjourney ndi Stable Diffusion akhala akutulutsa zithunzi za maloboti m'kanthawi kochepa munthu akangolemba mawu. Mkangano wake ndi waukulu. Mu Januwale 2023 ojambula atatu, Sarah Andersen, Kelly McKernan ndi Karla Ortiz, anasumira makampani otere ku California ponena kuti anaphunzitsa makina awo ndi zithunzi za eni popanda chilolezo. Ena amati ntchito ya wojambula yatha, ena amati ichi n'chida chabe. Chimene chimaoneka pa zithunzizo n'chakuti zimanyezimira bwino koma kawirikawiri mfundo zake sizingapinde, mapaipi sapita kulikonse, ndipo ukapempha mbali yakumbuyo ya loboti yomweyo umalandira ina. Makinawa amadziwa bwino zimene zadzaza pa intaneti, ndipo makoka a nkacha ndi chilimira sali m'gulu limenelo. Ntchito zotsika mtengo za mapositala zidzachepadi, ndipo pamenepa tisanamizane. Chimene chikukwera mtengo ndi munthu wodziwa chifukwa chake chinthu chikuoneka mmene chikuonekera.

Nanga zimadyetsa?

Kunena zoona, ku Malawi palibe amene angalonjeze mwana malipiro a pamwezi chifukwa chojambula maloboti okha. Ojambula odziwika a m'nyuzipepala, monga Brian Hara wa Pewani ndi Vic Kasinja wa Joza, anatchuka ndi nthabwala za moyo wa tsiku ndi tsiku. Ku Cape Maclear ndi m'malo ena ogona alendo, zimene zimagulidwa ndi zithunzi za mabwato, milambe ndi amayi osenza mitsuko, ndipo wopenta amajambula chimene mlendo akufuna.

Koma zitseko zikutseguka. Shadreck Chikoti anatulutsa buku la Azotus the Kingdom mu 2015, lonena za Africa ya zaka 500 zikubwerazo, ndipo anatsogoleranso ntchito ya buku la nthano la Imagine Africa 500. Muthi Nhlema ndi Ekari Mbvundula ndi ena mwa Amalawi olemba nthano zotere, ndipo nthano zimafuna zikuto ndi zithunzi. Ku Zambia, Malenga Mulendema anayambitsa katuni ya Supa Team 4, yochitikira mu Lusaka wam'tsogolo, imene inayamba kuonetsedwa pa Netflix mu 2023. Mu 2024 Disney pamodzi ndi kampani ya Kugali anatulutsa Iwájú, ya mu Lagos wam'tsogolo, momwe loboti yake ndi buluzi. Amene amalemba ntchito ojambula m'makampani otere amafuna kuona zithunzi za munthuyo, ndipo zithunzi zimatumizika kuchokera kulikonse. Wogulitsa ntchito yake ayenera kudziwanso kuti lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limamuteteza, ndiponso kuti bungwe la COSOMA lilipo chifukwa cha nkhani zoterezi.

Phindu lina n'lapafupi kuposa Netflix. Luso lotembenuza chinthu m'mutu n'kuchiika papepala ndi lomwe limafunika kwa wowotcherera, kalipentala, wokhoma maboti, wojambula mapulani a nyumba ndi injiniya. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, anamanga makina ake amphepo ali mnyamata atatsatira zithunzi za m'buku la mulaibulale, nthawi imene Chingerezi chake chinali chisanakhwime. Ku Kinshasa, injiniya Thérèse Izay Kirongozi ndi gulu lake anaimika maloboti oongolera magalimoto pamsewu kuyambira 2013. M'dziko muno, njira yoyeserera madironi inatsegulidwa ku Kasungu mu 2017, ndipo sukulu ya African Drone and Data Academy inayamba ku Lilongwe mu 2020. Makina alionse amayamba ajambulidwa asanapangidwe.

Ndiye kholo kapena mphunzitsi amene wapeza chimphona kumbuyo kwa kope ali ndi chochita chotsika mtengo. Amugulire mwanayo kope lina la zojambula zokha, kuti la masamu lipume. Amuuze kuti pa loboti iliyonse ya m'mutu ajambulenso chinthu chimodzi chenicheni akuchiyang'ana, kaya ndi loko, kaya pampu ya njinga, kaya mutu wa chambo. Ndipo akabweretsa chithunzi, m'malo mongoti chakongola, amufunse mafunso amene mmisiri angafunse: chimagwira ntchito yanji, bondo ili likupinda bwanji, mphamvu chikuitenga kuti, chikawonongeka akonza ndani? Mwana amene wayamba kuyankha mafunso amenewa ndi pensulo wayamba kuphunzira ntchito, kaya mathero ake adzakhala pa chikuto cha buku kapena pamalo okonzera sitima ku Monkey Bay.